Mpata Pansi pa Mpanda

Usiku umene anatentha nzimbe za kummawa,
phulusa likugwa pa Nchalo ngati nthenga za khwangwala,
ndinamva tswatswa pansi pa mpanda wanga wa bango.
Ndinatenga tochi ndi chibonga,
poti njoka kuno sizinena odi.
Koma chinali chisoni,
chitadzikulunga ngati mpira wa ana,
nkhope chitabisa m'mimba,
minga ina itawauka kunsonga.

Dzina limeneli anakupatsa ndani, iwe?
Ine chisoni ndinachidziwa kale.
Chinabwera ndi madzi a Mwanza chaka chija
n'kukhala pampando wa mkazi wanga, osanyamukanso.
Sindinkadziwa kuti chilipo china cha miyendo inayi,
cha mphuno yonyowa,
chodya nkhono.

Chibonga ndinaponya uko.
Kutacha ndinathyola mabango atatu m'munsi mwa mpanda,
kampata kolowa chibakera basi,
ndi kuthira madzi m'chivindikiro cha poto wakale
pansi pa msawu.
Ngodya imeneyo tsache linaiwala njira.
Mai Tchapo anasuzumira pamwamba pa mpanda:
"A Zuze, ukalamba wayambira m'manja kodi?
Pakhomo pa m'tauni masamba mpaka m'akakolo!"
Mlamu wawo anabwera ndi faifi sauzande yopindapinda,
akuti minga yake imakoka makasitomala kugolosale.
Ndinati chinapita kale.
Chili pomwepo, pansi pa matabwa,
chikupuma pang'onopang'ono ngati khanda lokhuta.

Mbewa sizinadikire kuitanidwa.
Mpata sufunsa dzina la wolowa.
Zinabwera za makutu aakulu, za michira yaitali,
zokwera phesi la mapira ngati anyamata pamgwalangwa,
ndipo mtedza wanga wa mizere iwiri
zinauwerenga usiku umodzi wokha.
Mdzukulu wanga Fulaide ananola khasu:
"Agogo, ndiwo zikuyenda pabwalo
ife tikumeza therere?"
Sindinamukalipire.
Ndadya mbewa zambiri ine, zamchere, zouma bwino pamtengo,
ndipo mkamwa mwanga simunalape.
Ndinangoti, izi n'za pakhomo,
zakutchire kazisake kutchire.

Tinapangana osagwirana chanza.
Mzere wotsiriza wa mapira ndi wawo.
Mbewu ndimasunga m'chigubu chotseka ndi waya.
M'nyumba ayi.
Zimaswa pangano, inde,
imodzi inaboola thumba la mpunga wa ku Makhanga
ndipo msampha unayankha tambala asanalire.
Sindinagwetse msozi.
Ndinaikwirira pansi pa papaya,
Fulaide akundiyang'ana ngati ndataya ndalama m'chimbudzi.

Okutobala akafika nyumba imasanduka ng'anjo.
Ndimayala mkeka panja, magetsi atazima,
udzudzu ukuimba zake,
mathilakita akudutsa ndi nzimbe mpaka mbandakucha.
Pakati pa thilakita ndi inzake pamakhala kabata,
ndipo m'kabatamo ndimamva pakhomo panga pakudya:
kukukuta kwa timano m'mapesi,
chigoba cha nkhono chikusweka pafupi ndi mpopi,
lilime laling'ono m'chivindikiro chija.
Zaka zinayi bwalo ili linali duu.

Chinasowa masabata ambiri.
Ndinaganiza za agalu a kumsika,
za matayala a pamseu wa ku Nsanje,
za faifi sauzande ija.
Madzi ndinkathirabe.
Mvula yoyamba itagwa, nthaka ikununkhira,
chinatulukira pampata pomwe paja,
kumbuyo kwake tiwiri, kenako kachitatu kotsalira,
timinga tikadali tofewa.

Dzulo Mai Tchapo anasuzumiranso.
Sananene za tsache.
Anaonetsa tsamba la mpiru, mabowo okhaokha,
nati, motsitsa mawu kuti mlamu asamve,
"Kodi kampata kanu kaja
simungathyole kena mbali yakuno?"